Bwanji Akumutenganso Magazi?

Amene munakhalapo pabenchi la kunja kwa chipinda cha odwala mwakayakaya, chimene kuchipatala amachitcha ICU, mukudziwa mmene nthawi imachedwera pamalo amenewo. Chitseko chimakhala chotseka. Mukaloledwa kulowa ndi kwa mphindi zochepa chabe, mutasamba m'manja, ndipo mumapeza m'bale wanu ali chigonere pakati pa machubu ndi makina olira mosalekeza. Posakhalitsa namwino amafika ndi jakisoni ndi timabotolo, n'kutenga magazi. Anatenga dzulo, anatenga m'mawa, pano akutenganso. Mumtima mumabwera funso limene pakamwa pamaopa kutulutsa: munthu wofooka kale chonchi, bwanji akumutenganso magazi?

Ife amene timayenda kukazonda odwala timalimva funso limeneli kwa magadiyani, ndipo nthawi zina limabwera ndi mantha. Sitinaiwale mphekesera za anamapopa zimene zinasokoneza maboma a Mulanje ndi Phalombe m'chaka cha 2017, mpaka anthu osalakwa kutaya miyoyo. Pamene palibe wofotokoza, mphekesera ndi zimene zimayankha. N'chifukwa chake ndi bwino banja lililonse lidziwe ntchito imene magaziwo amakagwira akachoka pamkono wa wodwala.

Zina mukuzidziwa kale. Amayeza shuga, malungo, kuchuluka kwa magazi, mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito, komanso mtundu wa tizirombo timene talowa m'thupi. Koma pali kuyeza kwina kumene anthu ambiri sanakumvepo. Kumeneku ndi kuyeza mankhwala enieniwo, kuti aone ngati amene ali m'magazi a wodwala ndi okwanira, ochepa kapena opitirira. Ndipo masiku ano ofufuza akuyesa kupeza yankho lomweli m'malovu, kuti jakisoni achepe.

Supuni imodzi, miphika yosiyana

Mayi wodziwa kuphika sakhulupirira supuni yokha. Mchere umene umakoleretsa ndiwo za anthu anayi sungamveke mumphika wa paukwati, ndipo mchere womwewo ungawawitse ndiwo za m'kapoto ka mwana. Choncho akathira amatakasa, n'kulawa. Akalawa m'pamene amadziwa ngati awonjezere kapena alekere pomwepo.

Mankhwala opha mabakiteriya, amene timawatcha maantibayotiki, monga amoxicillin, Bactrim, ciprofloxacin, ceftriaxone ndi gentamicin, nawonso ndi otero. Chimene chimachiritsa si nambala yolembedwa pabotolo ayi, koma kuchuluka kwa mankhwala amene afika m'magazi ndi pamalo pamene pali matenda, komanso nthawi imene akhalapo. Mtundu uliwonse wa mabakiteriya uli ndi mlingo wa mankhwala umene ukafikidwa, tiziromboto timaleka kuswana. A ku labotale amautcha MIC. Mankhwala akakhala pansi pa mlingo umenewu, tizirombo tofooka timafa koma tolimba timatsala n'kuswana, ndipo mawa mankhwala omwewo satigwiranso. Akapitirira kwambiri, amayamba kuvulaza mwini thupi.

Milingo yolembedwa m'mabuku a madokotala, yambiri inapezeka poyeza anthu athanzi kapena odwala amene sanafike pa kayakaya. Kwa inu ndi ine tikadwala chibayo chapang'ono, milingo imeneyi imagwira bwino ntchito. Koma thupi la munthu amene ali mu ICU ndi mphika umene kukula kwake kukusintha tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina ndi wobooka.

Wapolisi wa ku Oxford

Phunziro limeneli linayamba pamodzi ndi maantibayotikiwo. Alexander Fleming anatulukira penicillin ku London m'chaka cha 1928, koma panapita zaka zoposa khumi kuti Howard Florey ndi Ernst Chain, ku Oxford, apeze njira yomuyengera kuti akhale mankhwala. Pa 12 February 1941 anabaya penicillin wapolisi wina wa zaka 43, dzina lake Albert Alexander, amene matenda anali atamudya nkhope mpaka kutaya diso. Tsiku limodzi lisanathe, kutentha thupi kunatsika ndipo anayamba kufuna chakudya.

Vuto linali lakuti impso zimachotsa penicillin m'thupi mofulumira kwambiri, ndipo mankhwala amene anali nawo anali ochepa. Madokotala ankatenga mkodzo wa wodwalayo, kupita nawo ku labotale, kuyengamo penicillin n'kumubayanso. Patatha masiku asanu mankhwala anatheratu. Matenda anabwerera, ndipo Albert Alexander anamwalira pa 15 March 1941. Mankhwala anali oyenera, koma sanakhale m'magazi nthawi yokwanira.

M'chaka cha 1945, polandira mphotho ya Nobel, Fleming anachenjeza kuti idzafika nthawi imene aliyense azidzagula penicillin m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa azidzamwa mlingo wochepa umene sungaphe tizirombo koma kungotiphunzitsa kupirira. Amene mumaona makapisozi akugulitsidwa awiriawiri pamsika mukudziwa kuti nthawi imeneyo inafika kale.

Zimene zimasintha m'thupi la wodwala mwakayakaya

Ambiri mwa odwala a mu ICU amakhala ndi vuto lotchedwa sepsis. Apa n'kuti thupi, polimbana ndi tizirombo, layamba kuwononga ziwalo zake zomwe. Chiyambi chake chingakhale chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, bala, kuphulika kwa matumbo kapena matenda obwera mayi atangobereka. Ofufuza anawerengera kuti m'chaka cha 2017 panali odwala sepsis pafupifupi 49 miliyoni padziko lonse, ndipo 11 miliyoni anamwalira. Kumeneku n'kuti imfa imodzi mwa zisanu zilizonse za chaka chimenecho.

Mwa wodwala wotere muli zinthu zinayi zimene zimasokoneza mlingo wa mankhwala.

Choyamba, timitsempha tating'ono timayamba kudontha. Madzi amatuluka m'magazi n'kukadzaza m'minofu, n'chifukwa chake manja, miyendo ndi nkhope zimatupa. Pofuna kukweza kuthamanga kwa magazi, madokotala amaika madiripi a malita angapo. Mphika wakula, ndipo mankhwala asungunuka m'madzi ambiri kuposa amene buku linkayembekezera.

Chachiwiri, impso zina zimathamanga mopitirira. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa achinyamata amene avulala pangozi ya minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza, kwa amene apsa ndi moto, kwa ovulala m'mutu ndi kwa amayi oyembekezera. Mtima ukupopa mwamphamvu, impso zikusefa mwamsanga, ndipo mankhwala amene amayenera kukhala maola asanu ndi atatu amakhala atatuluka kale ndi mkodzo. Wodwala wotere amaoneka kuti impso zake zili bwino, koma ndi iye amene mankhwala amamuchepera.

Chachitatu ndi chosemphana ndi chimenechi. Impso zina zimafooka kapena kuima kumene. Apa mankhwala satuluka, jakisoni wa lero amapeza wa dzulo akadali m'magazi, ndipo amaunjikana. Wodwala akaikidwa pamakina osefa magazi a dialysis, makinawo nawonso amachotsako mankhwala ena, ndiye mawerengedwe amasinthanso.

Chachinayi, m'magazi muli puloteni yotchedwa albumin imene imanyamula mankhwala ena n'kumawamasula pang'onopang'ono. Gawo lalikulu la ceftriaxone limayenda litagwira ku puloteni imeneyi. Mwa munthu wodwala kwambiri kapena woperewera zakudya m'thupi albumin imachepa, mankhwala amayenda osagwira kanthu, ndipo impso zimawataya msanga.

Zonsezi zikhoza kuchitika mwa munthu mmodzi m'sabata imodzi. Lolemba impso zikuthamanga, Lachinayi zafooka. Mlingo umene unali wochepa poyamba ungakhale woopsa pamapeto.

Maantibayotiki sagwira ntchito mofanana

Mankhwala a m'banja la penicillin, pamodzi ndi ceftriaxone ndi meropenem, amagwira ntchito ngati moto wophikira nyemba. Safuna malawi aakulu a kanthawi kochepa koma moto wosazima. Chofunika ndi chakuti akhale pamwamba pa mlingo uja nthawi yaitali pakati pa jakisoni ndi jakisoni. N'chifukwa chake m'zipatala zina amawapereka pang'onopang'ono kudzera m'diripi kwa maola ambiri m'malo mobaya kamodzi. Akaunjikana kwambiri, makamaka impso zikafooka, ena monga cefepime amasokoneza ubongo mpaka wodwala kukomoka.

Gentamicin ndi amikacin ndi osiyana. Iwowa amafuna kukwera kwambiri kamodzi, kenaka atsike mpaka pafupifupi kutheratu jakisoni wina asanabwere. Akapanda kutsika amawononga impso ndi mkati mwa khutu. Impso nthawi zambiri zimachira, koma kumva kukatayika chifukwa cha mankhwalawa sikubwerera. Munthu akhoza kutuluka m'chipatala wamoyo koma wogontha, kapena akudzandira poyenda. Vancomycin nayenso amavulaza impso akapitirira, pamene linezolid akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa magazi ndi kuchititsa dzanzi m'mapazi.

Kulawa kwa dokotala

Kuyeza mlingo wa mankhwala m'magazi ndiko kulawa kwa dokotala. Chinsinsi chake ndi nthawi. Kawirikawiri magazi amatengedwa jakisoni wotsatira atatsala pang'ono kuperekedwa, kuti aone pamene mankhwala atsikira. Kwa gentamicin woperekedwa kamodzi patsiku, madokotala amafuna kuti pa nthawi imeneyi akhale atatsika pansi pa 1 mg pa lita imodzi ya magazi. Nthawi zina amatenganso magazi patapita theka la ola diripi ya mankhwala itatha, kuti aone pamene akwerera. Choncho namwino akadzutsa wodwala pakati pa usiku kapena akaumirira kulemba ola lenileni pakabotolo, si nkhanza ayi. Magazi otengedwa pa nthawi yolakwika amapereka yankho lolakwika.

Kodi vutoli ndi lalikulu bwanji? M'chaka cha 2014 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa DALI, wotsogoleredwa ndi Jason Roberts wa ku Australia, amene anayeza magazi a odwala 384 m'zipatala 68 za m'mayiko 10 a ku Ulaya. Mwa amene ankalandira mankhwala a m'banja la penicillin pochiza matenda, 16 mwa 100 alionse sanafike ngakhale pa mlingo wotsikitsitsa umene umafunika, ndipo amenewa mwayi wawo wochira unali wocheperapo. Izi zinali m'zipatala zokhala ndi zipangizo zonse, ndipo palibe amene analakwitsa. Madokotala anatsatira buku, koma matupi a odwala sanalitsatire.

M'chaka cha 2020 mabungwe a akatswiri a za ICU ndi a za maantibayotiki analimbikitsa kuti kuyeza kumeneku kuzichitika kwa odwala mwakayakaya amene akulandira mankhwala monga gentamicin, vancomycin, linezolid ndi a m'banja la penicillin. Komabe tisaganize kuti kuyeza kokha ndi kumene kumachiritsa. Ku Germany ndi ku Netherlands, m'chaka cha 2022, ofufuza anayerekeza odwala amene ankasinthiridwa mlingo potsatira zoyeza ndi amene ankalandira mlingo wa m'buku, ndipo sanapeze kusiyana kwakukulu pa kachiridwe kawo. Phindu la kuyeza limaoneka bwino kwa mankhwala oopsa ku impso ndi makutu, komanso kwa odwala amene matupi awo asokonezeka kwambiri.

Kafukufuku wina wamkulu, BLING III, wa m'chaka cha 2024, anatenga odwala oposa 7,000 m'ma ICU 104. Mwa amene analandira mankhwala m'diripi mosalekeza, pafupifupi 25 mwa 100 alionse anali atamwalira pofika masiku 90, pamene mwa amene ankalandira mwa apo ndi apo anali pafupifupi 27. Kusiyanaku kunali kochepa moti pakokha sikunali umboni wokwanira, koma ataphatikiza ndi zotsatira za ofufuza ena zinaoneka kuti moto wosazima uja umapulumutsa miyoyo.

Nanga malovu abwera bwanji?

Funso la gadiyani uja lili ndi nzeru yake. Magazi amathadi. Kafukufuku wa ku Ulaya wa m'chaka cha 2002 anapeza kuti wodwala wamkulu wa mu ICU amatengedwa pafupifupi 40 ml ya magazi patsiku chifukwa cha zoyeza zosiyanasiyana. Kwa munthu wa malita asanu a magazi, tsiku limodzi si kanthu, koma akakhala milungu iwiri zimawonjezera kuchepa kwa magazi. Nanga khanda lobadwa masiku asanakwane, lolemera kilogalamu imodzi? Magazi ake onse ndi pafupifupi 90 ml, masupuni aakulu asanu ndi limodzi okha. Kwa iye dontho lililonse ndi lowerengeka.

Malovu alibe mavuto amenewa. Munthu wamkulu amapanga pakati pa theka la lita ndi lita imodzi ndi theka patsiku. Amachokera m'tiziwalo timene tili kutsogolo kwa makutu, pansi pa nsagwada ndi pansi pa lilime, ndipo madzi ake amatungidwa m'magazi. Mankhwala ena amene akuyenda m'magazi amadutsira limodzi n'kupezeka m'malovu. Kutenga kwake n'kosavuta. Kathonje kapadera kamaikidwa m'kamwa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka kamaikidwa m'kabotolo n'kuzungulitsidwa pamakina kuti madziwo atuluke. Palibe kubaya, palibe ululu, ndipo namwino sangalasidwe ndi jakisoni.

Kuyeza za m'kamwa si kwachilendo kwa ife. Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene anayambirira kugwiritsa ntchito kachipangizo kodziyezera wekha HIV popukuta nkhama. Kachipangizo kameneka sikafufuza kachiromboko, ndipo HIV sifala kudzera m'malovu. Kamafufuza asilikali amene thupi lapanga, amene amadutsa kuchokera m'magazi. Nzeru yake ndi yomweyo: m'kamwa mumaonetsa zina za m'magazi.

Pa maantibayotiki, ntchito yambiri yachitika kwa odwala TB yosamva mankhwala, amene amamwa mankhwala amphamvu kwa miyezi yambiri. Ofufuza a ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anaonetsa kuti linezolid amene ali m'malovu amayendera limodzi ndi amene ali m'magazi. Kwa anzathu a ku Tanzania, pachipatala cha Kibong'oto kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, anayeza levofloxacin m'malovu a odwala TB pogwiritsa ntchito kamakina konyamula m'manja kamene kamawalitsa kuwala padontho limodzi, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2021. Ubwino wake ndi wakuti yankho limapezeka pomwepo, osadikira kuti magazi apite ku labotale ya kutali.

M'chaka chomwecho, ofufuza a payunivesite ya Freiburg ku Germany anapanga kachipangizo kakang'ono kamene kanayeza mankhwala a m'banja la penicillin m'magazi, mumkodzo, m'malovu ngakhalenso mumpweya wotuluka popuma. Anabwereka nzeru kwa mabakiteriya osamva mankhwala, amene ali ndi puloteni yozindikirira kuti penicillin wafika. Kuyesaku kunachitika pa nkhumba, osati pa anthu, koma kunaonetsa kumene ntchitoyi ikulowera: kuti tsiku lina yankho lizipezeka pambali pa bedi la wodwala m'malo modikira mawa.

Pamene malovu amalephera

Si mankhwala onse amene amalowa m'malovu. Amene amadutsa bwino ndi amene amasungunuka mosavuta m'mafuta ndipo sagwira kwambiri ku albumin, monga linezolid, levofloxacin ndi moxifloxacin. Amene amakonda madzi okhaokha amadutsa pang'ono kwambiri. Ofufuza a ku Groningen omwe aja atayeza amikacin m'malovu a odwala TB, anapeza kuti salowamo mokwanira kuti munthu n'kudalira. Mankhwala a m'banja la penicillin nawonso amapezeka ochepa. Mwatsoka, magulu amenewa ndi amene amagwiritsidwa ntchito kwambiri mu ICU.

Komanso m'kamwa mwa wodwala mwakayakaya si mofanana ndi mwa inu ndi ine. Amene akupumira makina amakhala ndi chubu pakhosi, satafuna, ndipo m'kamwa mumauma. Mankhwala ena amaumitsa malovu. Anamwino amatsuka m'kamwamo ndi mankhwala oteteza chibayo, ndipo nkhama zikhoza kutuluka magazi n'kusokoneza zotsatira. Ngati wodwala wangomwa piritsi kapena mankhwala amadzi, zotsalira m'kamwa zimakweza nambala monyenga.

Choncho, pakadali pano, magazi ndi amene akadali odalirika kwa odwala a mu ICU. Malovu ndi njira imene ikukonzedwa, ndipo ikuoneka kuti idzayamba kuthandiza odwala TB, ana ndi zipatala zakutali ndi malabotale aakulu.

Kuno kwathu

Zipinda za ICU kuno zili m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, komanso m'zipatala zina zoyima pazokha, ndipo mabedi ake ndi owerengeka. Makina oyezera mlingo wa maantibayotiki ndi okwera mtengo ndipo amafuna akatswiri, motero kuyeza kumeneku si kwa tsiku ndi tsiku m'zipatala zambiri za mu Africa. Madokotala athu amalawa ndiwo m'njira zina. Amaona kulemera kwa wodwala ndi msinkhu wake, amayeza creatinine m'magazi kuti adziwe mphamvu ya impso, ndipo amawerenga mkodzo. Munthu wa makilogalamu 60 amayenera kutulutsa 30 ml kapena kuposerapo pa ola. Chikwama cha mkodzo cholendewera pabedi chija ndi chimodzi mwa zida zofunika kwambiri m'chipindamo.

Chimene chikuchititsa nkhaniyi kukhala yathu ndi kusamva mankhwala kwa tizirombo. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome Trust anasanthula zotsatira za magazi a odwala a ku Queen Elizabeth kuyambira 1998 mpaka 2016. Anapeza kuti mabakiteriya otchedwa E. coli osamva mankhwala a mtundu wa ceftriaxone anakwera kuchoka pa osakwana 1 mwa 100 m'chaka cha 2003 kufika pa 30 mwa 100 m'chaka cha 2016. Kwa mabakiteriya a Klebsiella, amene amavutitsa makanda, anachoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100. Padziko lonse, anthu 1.27 miliyoni anamwalira m'chaka cha 2019 chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala. Ceftriaxone akalephera, otsala ndi mankhwala odula, osowa, kapena aja oopsa ku impso ndi makutu amene amafuna kuyeza. Tizirombo timeneti sitiyambira mu ICU mokha. Tina timaphunzira kupirira m'nyumba mwathu momwe, ndi makapisozi awiri ogula pagolosale.

Gawo la banja

Simungayeze mlingo wa mankhwala ndi maso, koma pali zambiri zimene zili m'manja mwanu.

Nenani zonse zimene wodwala wamwa. Tengani buku lake la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse, ngakhale ogula pamsika. Tchulani ma ARV, mankhwala a TB, a shuga, a BP, a ululu monga Brufen ndi diclofenac amene amalemetsa impso, ndiponso zitsamba zonse. Musaope kukalipiridwa. Dokotala amene sakudziwa kuti wodwala wamwa kale maantibayotiki kwa masiku atatu ali ngati wophika amene sanauzidwe kuti wina wathira kale mchere.

Samalani ndi makala osinja. M'makomo athu ambiri timawadalira pa vuto la m'mimba, koma mphamvu yomwe amagwirira zoipa ndi imene amagwirira mankhwala akumwa, n'kutuluka nawo asanalowe m'magazi. Musapatse makala munthu amene ali pa mankhwala musanafunse a zaumoyo. Mkaka, mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira nazonso zimagwira ciprofloxacin ndi doxycycline m'matumbo, choncho funsani kuti muzisiyanitse ndi maola angati.

Musamupatse wodwala wa m'chipatala mankhwala alionse mobisa, ndipo amene wakomoka musamumwetse kanthu, chifukwa zimalowa m'mapapo. Musatsegule kapena kutseka diripi poona kuti ikuchedwa. Mwina kuchedwako n'kumene dokotala akufuna.

Khalani maso ndi makutu a namwino, makamaka wodwala akatuluka mu ICU kupita kuwodi kumene gadiyani amagona pafupi. Mkodzo ukachepa, wodwala akanena kuti m'makutu mukulira kapena sakumva bwino, akachita chizungulire, ziwengo kapena kuyamba kulankhula zosokonekera, nenani msanga. Ola la jakisoni likadutsa, kumbutsani mwaulemu.

Kunyumba, sungani nthawi. Katatu patsiku pa maantibayotiki n'kuti maola asanu ndi atatu alionse, mwachitsanzo 6 koloko m'mawa, 2 koloko masana ndi 10 koloko usiku. Imwani masiku onse amene mwauzidwa, musagawane ndi mnzanu, ndipo musasunge otsala kuti adzathandize tsiku lina. Chimfine ndi chifuwa wamba zimayamba ndi mavairasi, ndipo amoxicillin sawapha.

Pomaliza, musachedwe. Munthu wodwala akayamba kupuma mofulumira, kusokonezeka mutu, kuzizira manja ndi mapazi kapena kutha tsiku osakodza, khanda likakana kuyamwa, kapena mayi amene wangobereka akatentha thupi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo. Pa sepsis ola lililonse lochedwa kuyamba mankhwala limachepetsa mwayi wochira. Ndipo inu athanzi, kumbukirani kuti magazi amene amabwezeretsedwa mwa odwala ameneŵa amachokera kwa anthu opereka mwaufulu kudzera ku Malawi Blood Transfusion Service.

Akulu anati safunsa anadya phula. Tsiku limene mudzakhale pabenchi lija n'kuona namwino akutuluka ndi timabotolo, musapite ndi funso lanu kukhitchini ya magadiyani kumene aliyense ali ndi yankho lake. Dikirani amalize ntchito, kenaka mufunse kuti, "Pepani anesi, magaziwa akukayeza chiyani? Nanga impso zawo zikuyenda bwanji?" Muli ndi ufulu wodziwa, ndipo yankho lake lidzakuthandizani kusamala wodwala wanu bwino.